Mmene ndinasankhira graphics card maso ali pa mawa

Ntchito yanga ndi kujambula ndi kukonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Kwa zaka zingapo graphics card yanga, khadi yoyendetsa zithunzi m'kompyuta, GTX 1050 Ti ya memory ya 4GB, inandisunga bwino ndithu, mpaka pamene ndinayamba kujambula mu 4K, makanema ooneka bwino kwambiri koma olemera. Ndikangoyamba kukonza mitundu mu pulogalamu ya DaVinci Resolve, chithunzi chinkayenda modukizadukiza, kenako n'kubwera uthenga woti memory ya khadi yadzaza. Eni ukwati akuimba foni, ine ndili pampando mpaka tambala woyamba. Kumayambiriro kwa 2024 ndinati basi, khadi isinthe.

Kuno kwathu khadi sugula chaka ndi chaka. Kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zipangizo zoterezi zimachokera kunja. Ndalama zimene ndinasonkhanitsa zinali zogulira kamodzi. Ndiye ndinkafuna kugula mwakuti tsiku lodzawonjezera mphamvu likadzafika, ndidzangosintha chinthu chimodzi, zina zonse zili m'malo.

Ndisanafunse mtengo kulikonse, ndinatsegula bokosi la kompyuta n'kubwereka tepi kwa atelala oyandikana nawo. Kuchokera kumbuyo kwa bokosi kukafika pa kachitsulo kosungira ma hard disk panali masentimita 26. Makhadi a mafani awiri ambiri amalowa pamenepo, koma a mafani atatu nthawi zambiri amapitirira masentimita 30. Ndinaona kuti kachitsuloko n'komanga ndi masikuluwu, kotero mawa ndikhoza kukachotsa malo n'kuwonjezeka. Bokosi linapulumuka.

Chimene sichinapulumuke ndi power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta. Pachikwangwani chake panalembedwa 450W, koma dzina la kampani losadziwika, ndipo nditainyamula inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Khadi yanga yakale inkangodya magetsi a pa motherboard, bolodi lalikulu la kompyuta, chifukwa mpata wa PCIe, momwe khadi imalowa, umapereka mawati 75 ndipo 1050 Ti imakhutira nawo. Makhadi amphamvu amafuna chingwe chawochawo: cha mano 6 chimawonjezera mawati 75, cha mano 8 chimawonjezera 150. Power supply yanga inalibe ngakhale chimodzi.

Mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni anandionetsa kachingwe kolumikizira. "Bwana, musavutike, tingotenga magetsi pa SATA apa, iyaka." Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, kuyaka iyaka, koma ndikuopa kuti iyaka moto weniweni." Polumikizira pa SATA, popatsira magetsi ma hard disk, anapapangira mawati pafupifupi 54 okha. Kukokapo 150 kwa maola asanu ndi limodzi kanema akutuluka, pulasitiki imasungunuka. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse, tizingwe timeneti musatiyese.

Choncho chinthu choyamba kugula chinali power supply ya 650W, ya chizindikiro cha 80 Plus Bronze, yokhala ndi zingwe ziwiri zosiyana za mano 8. Khadi imene ndinali kuiganizira opanga ake a NVIDIA amati ikwana ndi 550W. Mawati 100 owonjezerawo, ndi chingwe chachiwiricho, ndinagulira khadi ya mtsogolo. Zinandipweteka chifukwa ndalama ya khadi inachepa, koma power supply yabwino imaona makhadi awiri kapena atatu akubwera n'kupita.

Kenako panabwera mutu weniweni. Alamu anga a ku Johannesburg ananditumizira zithunzi za makhadi pa WhatsApp, ndipo m'thumba mwanga munkakwana makhadi awiri: RTX 4060 ya 2023 ndi RTX 3060 ya 2021. Aliyense ankati tenga yatsopanoyo. Sankanama ayi. 4060 ndi yothamangirako, imadya mawati 115 okha pomwe 3060 imadya 170, komanso imatha kutulutsa kanema mu AV1, njira yatsopano yosungira makanema. Kwa munthu wokhala kumene magetsi amathimathima, kusiyana kwa mawati 55 si nkhani yaing'ono, UPS, batire losungira magetsi, imapirira nthawi yotalikirapo.

Koma 4060 ili ndi 8GB, pomwe 3060 ili ndi 12GB. Pa kompyuta pafupifupi chilichonse ungathe kuwonjezera pambuyo: RAM (memory ya kompyuta), SSD (chosungira mafayilo), mafani. Memory ya pa graphics card ndi yowotchereredwa pakhadipo, imene wagula nayo ndi imene udzakhale nayo mpaka khadiyo idzafe. Ndipo chimene chinandigwetsa ine pa khadi yakale chinali memory kudzaza, osati liwiro.

Panalinso china chimene ambiri sachiona. Motherboard yanga ndi B450, yokhala ndi purosesa ya Ryzen 5 3600, ndipo mpata wake ndi PCIe 3.0. Makhadi atsopano amagwira ntchito m'mipata yakale popanda vuto, kungoti amayenda pa liwiro la mpatawo. 3060 imagwiritsa ntchito njira zonse 16 za mpata, 4060 njira 8 zokha. Pa PCIe 3.0 njira 16 zimanyamula pafupifupi 16GB pa sekondi, njira 8 theka lake. Zinthu zikamakwana m'memory ya khadi, kusiyanaku sukuona. Memory ikadzaza, khadi imayamba kubwereka RAM ya kompyuta kudzera m'njira zomwezo, ndipo pamenepo msewu wopapatiza umakulanga. Memory yochepa ndi msewu wopapatiza pamodzi, pa motherboard ngati yanga, ndinaona kuti ndikatenga 4060, pakatha zaka ziwiri ndidzakhalanso pomwe ndinali.

Za kampani ina, AMD, ndinaziyang'ananso. RX 6500 XT inali yotsika mtengo mokopa, koma ili ndi 4GB, njira 4 zokha, ndipo ilibe kachipangizo kotulutsira makanema a H.264. Kwa wokonza makanema ngati ine, inagwa pomwepo.

Alamu anapeza 3060 yogwiritsidwapo kale. Makhadi otere anachuluka pamsika kuyambira Seputembala 2022, pamene Ethereum, ndalama ya pa intaneti, inasiya kukumbidwa ndi ma graphics card, ndipo ena anagwira ntchito usana ndi usiku kwa miyezi yambiri. Ndinawauza kuti, "Alamu, musapereke ndalama kaye. Wogulitsayo aiike m'kompyuta, atsegule GPU-Z, pulogalamu yoonetsa za m'khadi, mundijambulire. Pa memory pakhale 12288 MB, pa bus width pakhale 192." Ndinalimbikira chifukwa kumapeto kwa 2022 kunatuluka 3060 ina ya 8GB ndi 128-bit, dzina lomwelo koma yofookerapo, ndipo katoni yake ungasokonezeke nayo. Kenako wogulitsayo anayendetsa FurMark, pulogalamu yoyesera khadi, kwa theka la ola alamu akuonerera: mafani onse awiri akuzungulira popanda kulira, pa sikirini popanda timadontho kapena mizere yachilendo. Atatero ndinati lipirani.

Khadi inafika ndi basi itakulungidwa m'bulangeti pakati pa katundu wa achemwali. Usiku umenewo ndinachotsa ma driver akale, mapulogalamu oyendetsa khadi, ndi pulogalamu ya DDU, ndinazula chingwe kukhoma, n'kudina batani loyatsira kuti magetsi otsalira athe. Kumapeto kwa mpata wa PCIe kuli kachingwinjiri kapulasitiki, uyenera kukadina kaye, apo ayi ukoka khadi pamodzi ndi mpata wake. Yatsopanoyo ndinaikankha pang'onopang'ono mpaka inalira kuti khethe, ndinamanga masikuluwu awiri, n'kulowetsa chingwe cha mano 8. Chingwe cha sikirini chimapita pa khadi, chifukwa Ryzen 5 3600 payokha situlutsa chithunzi.

M'mawa mwake, UPS itadzaza, ndinaika BIOS yatsopano, pulogalamu yoyambitsa kompyuta, pa motherboard. Imeneyi ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma magetsi akathima pakati motherboard ikhoza kufa, ndiye ndinakhala chete manja ali pachifuwa mpaka inatha. Tsopano B450 yomweyo ikhoza kulandira ma Ryzen 5000, ndipo ndi pamene ndikuloza ndalama yotsatira.

Ukwati woyamba kukonza pa khadiyi unali wa makamera atatu, onse 4K. Pakati pa ntchito ndinatsegula GPU-Z kuti ndione: memory yogwiritsidwa ntchito inali itadutsa 9GB, chithunzi chikuyenda bwinobwino. Chingwe chachiwiri cha mano 8 ndinachipinda, ndinachimanga ndi mphira kuseri kwa motherboard, ndipo pa kapepala kamene ndinamata mkati mwa chitseko cha bokosi ndinalembapo: 650W, masentimita 26, yotsatira ikhale ya 16GB.