Maola 19 okha pa masiku 542

Anzanga, nkhani ya pulaneti yotchedwa HIP 41378 f yandigwira mtima. Pulanetiyi imazungulira nyenyezi yake kamodzi pa masiku pafupifupi 542, ndipo ikamadutsa kutsogolo kwa nyenyeziyo kuwala kumachepa pang'ono kwa maola pafupifupi 19. Pamenepo ndi pomwe asayansi amayeza kukula kwake.

Koma usiku wa maola 19 tiupeza kuti? Telesikopu imodzi ya pansi pano siyingaone zonse, kumacha pulaneti ikadali pakati pa ulendo. Ndiye amachita kulandizana ntchito: ku Chile kukacha a ku Hawaii apitirize, kenako a ku Australia, kenako a ku South Africa. Bungwe lofufuza zakuthambo la Las Cumbres Observatory lili ndi matelesikopu m'malo onsewa.

Chimene chimandiwawa ndi mitambo. Ikangophimba malo amodzi, gawo lija lapita, mudikirenso chaka ndi theka. Komanso mapulaneti anzake amaikoka, moti nthawi yodutsa imasuntha ndi maola angapo.

Ine ndimaona kuti oyang'anira matelesikopu azisungiratu usiku ngati umenewu nthawi ikadalipo, ngakhale kafukufuku wina atayamba waima kaye.