Lero mzere wa chitsulo wandiputsitsa

Lachitatu, usiku.

Kuyambira m'mawa ndinali pa kompyuta, maso ali pa banga limodzi la padzuwa, pakati pake penipeni pomwe pamaoneka bii. Ntchito inali yoyeza mphamvu ya maginito pamenepo. Njira yake ndi yakale: kuwala kwa dzuwa kukamwazidwa kuti mitundu yake ioneke, mumapezeka timizere takuda, ndipo maginito akakhala amphamvu kamzere kamodzi kamagawanika. Pieter Zeeman anaona zimenezi mu 1896, kenako George Ellery Hale anazigwiritsa ntchito ku Mount Wilson mu 1908 n'kupeza kuti m'mawangamu muli maginito.

Ndinayamba ndi mzere wakuda umene maatomu a chitsulo amasiya m'kuwalako pa 630.2 nm (nanomita, muyezo wa utali wa funde la kuwala), umene aliyense amaudalira. Unagawanika ndithu, koma pakati pake panada kwambiri kuposa mmene ndimayembekezera. Ndinabwereza katatu, osasintha.

Masana aphunzitsi atadutsa anangoyang'ana kamodzi. "Kuwala kosokera uko. Tayesani TiO." Ankanena molekyulu ya titaniyamu ndi okosijeni.

Zoonadi. Pamwamba pa dzuwa kutentha kumafika pafupifupi 5,800 K (K ndi kelvin, muyezo wa kutentha), pomwe pakati pa banga kumakhala cha m'ma 4,000 K. Malo owala ozungulira bangalo amathira kuwala kwawo m'telesikopu, ndipo popeza chitsulo chiliponso kumeneko, mzere wake wosagawanika umadzasakanikira ndi wanga. Mamolekyulu ngati TiO sapirira kutentha kwa kunjako, amaphwasuka. Amangopulumukira mkati mozizirirapo. Ndiye ukaona mzere wa TiO cha pa 705.5 nm, palibe chokayikitsa, wachokera m'banga momwemo. Kuwala kosokera kungauchepetse mdima, koma sikungaubweretsere mzere wina wabodza.

Komatu si zaulere. Atomu imakupatsa kamzere kamodzi kooneka bwino; molekyulu imazungulira, imanjenjemera, ndiye timizere take timabwera mbwee, tothithikana. MgH, ya magineziyamu ndi haidrojeni, ndiye yovutitsitsa: pa magauss (muyezo wa mphamvu ya maginito) 2,000 kapena 3,000 a m'banga, masamu osavuta a Zeeman sakwananso, pamafunika ena ovutirapo otchedwa Paschen-Back. Ndangowerengako tsamba limodzi mutu n'kuyamba kuwawa.

Chimene chikundizungulirabe m'mutu n'choti pa dzuwa pali malo "ozizira" mokwanira kusunga mamolekyulu, ngakhale a nthunzi ya madzi. Ndipo maginito akumeneko ndi a magauss zikwi, pomwe kampasi ya pano padziko imatembenuzidwa ndi pafupifupi theka la gauss basi.

Mawa ndiyesa FeH, molekyulu ya chitsulo ndi haidrojeni, cha ku 990 nm. Mafayilo ake ndasiya akutsika.