Kaliwu kamodzi kandidikiritsa masabata 3

M'mawa uno ndawerenganso uthenga uja wa ntchito. Analemba kuti "We might call you." Ine ndinangomva kuti adzandiimbira basi, mpaka ndinauza amayi kumudzi kuti zatheka. Mlongo wanga, amene amaphunzitsa Chingerezi ku sekondale, atauona anapukusa mutu: "Achimwene, akanalemba will ndiye kuti atsimikiza. Might ndi mwina, ndipo kawirikawiri ndi mwina wofooka kuposa may."

Chandipweteka n'chakuti m'Chichewa sindikanasokera. Munthu akati "tidzakuimbirani" umadziwa pomwe waima, ndipo akamakayika amaika "mwina" patsogolo penipeni, aliyense amve. Chingerezi chimabisa kukayikako m'kaliwu kamodzi kokhala pamalo omwewo pomwe pakanakhala will, moti ukawerenga mothamanga ndi mtima wofuna ntchito sukaona. Mlongo wanga anandionetsanso kuti "I doubt it will ever happen" ndi kukayika kosatha, pomwe "it will never happen" ndi kutsekeratu chitseko.

Masabata 3 onsewa foni ndimagona nayo kumutu. Madzulo ano ndiwaimbira amayi ndiwauze kuti ndinafulumira kusangalala.