Tahajjud m'nyengo yozizira ku Zomba: tafika pa duwa

Assalaam alaikum abale ndi alongo. Nkhani yodzuka usiku kuswali Tahajjud, swala ya usiku yosakakamizidwa, tinaikambirana kale, tsopano tafika pamene ambiri amapathamangira: duwa, kumupempha Allah zofuna zathu. Munthu amadzuka bwinobwino, n'kuswali maraka (zigawo za swala) anayi, koma pofika popempha amangonena mawu awiri atatu n'kubwerera m'bulangete. Chonsecho mtima umakulira pomwepo.

Usiku umawerengedwa kuyambira Maghrib (swala ya polowa dzuwa) mpaka Fajr (swala ya m'bandakucha). Mu June kuno Maghrib imalowa cha m'ma 5:20 madzulo, Fajr cha m'ma 4:50. Amenewo ndi maola 11 ndi theka. Mukagawa patatu, gawo lililonse ndi maola 3 ndi mphindi 50, ndiye gawo lomaliza limayamba cha m'ma 1 koloko. M'gawo limeneli ndi mmene, malinga ndi hadith ya Abu Huraira ya mu Bukhari ndi Muslim, Allah amafunsa kuti ndani akundipempha ndimupatse, ndani akupempha chikhululuko ndimukhululukire. Sikuti mudzuke 1 koloko yeniyeniyo. Mphindi 45 Fajr isanalowe n'zokwanira: 10 za mswaki ndi wudhu (kudziyeretsa ndi madzi musanaswali), 20 za swala, 15 za duwa. Koma alamu muziisintha mwezi ndi mwezi potsatira nthawi zolembedwa pa mzikiti wanu, chifukwa mu December Fajr imalowa isanakwane 4 koloko, ndipo alamu ya mu June idzakudzutsani adhana (kuitanira ku swala) itapita kale.

Chiperoni chikagwa, madzi a pampopi m'bandakucha amaluma zala, makamaka kwa okhala m'mphepete mwa phiri. Thirani madzi ofunda mu fulasiki musanagone, palibe choletsa kuchita wudhu ndi madzi otere. Nsima yamadzulo ichepe, apo ayi tulo tidzakupezani pa sijida, mutagunditsa nkhope pansi.

Swala yake ndi maraka awiriawiri, oyamba akhale opepuka, witiri (swala yotsekera usiku) pomaliza. Ngati munaswali kale witiri pambuyo pa Isha musabwereze, sipakhala witiri iwiri usiku umodzi.

Malo oyamba a duwa ndi pa sijida, pamene kapolo amakhala pafupi kwambiri ndi Mbuye wake. Mukatha Subhana Rabbiyal A'la musafulumire kudzutsa mutu. Pamenepa gwiritsani maduwa a Chiarabu amene Mtumiki (SAW) anaphunzitsa, ndipo awiri okha ndi poyambira pabwino. Ina ndi Ya muqallibal qulub, thabbit qalbi ala dinik, kupempha Iye amene amatembenuza mitima kuti akhazikitse mtima wanu pa chipembedzo chake. Inayo ndi Allahumma aati nafsi taqwaha, wa zakkiha anta khairu man zakkaha, kupempha kuti mzimu wanu upatsidwe kuopa Allah ndi kuyeretsedwa. Lowezani tanthauzo limodzi ndi mawu ake. Duwa imene lilime likuidziwa koma mtima sukuimva imatha m'masekondi ochepa osasiya kanthu. Kumbukiraninso kuti pa ruku (powerama) ndi pa sijida sitiwerenga Qur'an.

Zopempha za m'Chichewa kapena m'Chiyao, ma sheikh amasiyana maganizo ngati n'zololedwa mkati mwa swala. Njira yopanda mkangano ndi kuzisungira pambuyo pa salaam. Khalani pa mswala moyang'ana Qibla, kwezani manja, yambani ndi kumutamanda Allah ndi kumufunira zabwino Mtumiki (SAW), kenako lankhulani m'chinenero chimene mumalirira nacho.

Apa ndi pamene tikufuna kukhazikika kwambiri. Kunena kuti "ndipangeni kukhala munthu wabwino" n'kosavuta chifukwa sikukhudza paliponse. Tchulani chilema chenichenicho. Ngati ndi miseche, nenani kuti lilime langa lamudya m'bale wanga dzulo, ndithandizeni kulimanga. Ngati ndi kupsa mtima pa ana, kuchedwetsa Asr chifukwa cha malonda, kapena sikelo yosakwanira pamsika, zitchuleni momwemo. Sankhani chimodzi, mukhale nacho mwezi wathunthu, ndipo masana muzichilondola. Amene wapempha usiku kuti asiye miseche amamva kulemera masana akakhala pa bwalo pamene anthu ayamba kudya mnzawo, ndipo kulemera kumeneko ndi chizindikiro choti duwa yayamba kugwira. Zofuna za pakhomo monga fizi, matenda ndi ntchito zipempheninso, Allah amakonda kupemphedwa, koma zisameze nthawi yonse. Mphindi zomaliza zikhale za istighfar, kupempha chikhululuko, pakuti Qur'an 51:18 imayamikira opempha chikhululuko kum'bandakucha.

Zimene zimagwetsa anthu n'zodziwika. Ena amayamba ndi maraka 11 usiku woyamba, sabata isanathe asiya. Maraka awiri ndi witiri osadukiza aposa zimenezo. Ena amatopa n'kunena kuti ndapempha koma sindikuyankhidwa, pamene kufulumira kotereku ndi kumene Mtumiki (SAW) anachenjeza. Chakudya cha haramu nachonso chimatchinga duwa. Ndipo mukaona kuti mukusinza mpaka osadziwa chimene mukunena, gonani kaye, kuopa kudzitemberera mukuganiza kuti mukupempha chikhululuko. Tulo tikakuposani mpaka Fajr, bwezani swala ya Tahajjudyo dzuwa likakwera, Dhuhr (swala ya masana) isanalowe.