Masiku awiri amene tinataya pa mwendo wa mwana

Sabata yathayi ntchito ya mafupa pachipatala chathu cha boma inali ya masiku onse: zikhakha za ana ogwa m'mitengo ya mango, mabala a anyamata a kabaza, ndi kliniki ya makanda a mapazi opindika. Chimene chikundisowetsabe tulo ndi mnyamata wa zaka 9 amene anafika Lachiwiri masana ali kumsana kwa amayi ake.

Thupi linali litatentha kufika madigiri 39, mwendo utatupa pansi pa bondo, ndipo ndikangodina pamwamba pa msongolo ankakuwa mpaka odwala ena kutembenuka. Amayi ake anati wadwala masiku 8. Kuchipatala chaching'ono anamupeza ndi malungo n'kumupatsa LA, ndipo ululu utapitirira agogo ake anamutemetsa mphini pomwe panatupapo. Sindikuwadzudzula anzathu a kuchipatala chaching'onocho, pakuti nyengo ino ana ambiri amapezeka ndi malungo m'magazi, koma mwana wotentha thupi amene akukana kuponda ndi mwendo umodzi ayenera kuganiziridwa matenda a m'fupa tsiku lomwelo.

Chithunzi cha X-ray sichinaonetse kanthu, ndipo sindinadabwe, chifukwa fupa limayamba kuoneka kuti lawonongeka pakadutsa masiku 10 mpaka 14. Tonse timadziwa kuti kawirikawiri tizilombo timene timayenda m'magazi n'kukakhazikika kumapeto kwa fupa lomwe likukula ndi ta mtundu wa Staphylococcus aureus. Ndinalemba mankhwala opha tizilomboti otchedwa cloxacillin, obaya mumtsempha, koma namwino anabwerera kufamase chimanjamanja, akuti anatha kalekale. Tinayamba ndi mankhwala ena otchedwa ceftriaxone, amene masiku ano tikungobaya matenda alionse.

Mafinya anali atasonkhana kale, choncho mwanayo anafunika opaleshoni usiku womwewo. Magetsi anazima, ndipo anatiuza kuti mafuta otsala mu jenereta asungidwire amayi obereka. Lachitatu zipangizo za opaleshoni sizinaphikidwe chifukwa cha vuto lomwelo. Tinalowa naye Lachinayi madzulo, ndipo nditacheka ndinapeza mafinya atakanganula kale kachikopa kokuta fupa. Ndinaboola fupalo, ndinatsuka, koma mafinyawo ndinangotaya chifukwa labu yathu ilibe zoyezera kuti tidziwe mankhwala amene angaphe tizilomboto.

Chimene chikundiwawa n'chakuti kachikopako ndi kamene kamadyetsa fupa magazi. Kakakanganuka, mbali ya fupa imafa, bala limatuluka mafinya kwa zaka, mwana n'kusiya sukulu chifukwa anzake akumuthawa fungo. Ana otere ndawalembera makalata ambiri opita kuchipatala cha mafupa cha Beit CURE ku Blantyre kuti akachotsedwe fupa lakufa, pomwe mankhwala otsika mtengo ndi malita ochepa a dizilo zikanawapulumutsa. Pa msonkhano wa m'mawa akuluakulu anangoti nkhaniyo aimva.

Lachisanu amayi aja anatumiza uthenga kumudzi kuti agulitse mbuzi, ndipo anagula cloxacillin kufamase ya patauni, pomwe mwanayo ali m'chipatala chimene timati n'chaulere. Mwanayo afunika mankhwala kwa masabata 4 mpaka 6, ndipo ndalama ya mbuziyo siikwana.

Loweruka thupi linazizira, anadya phala. Ndikutuluka mu wodi amayiwo ananditsatira n'kufunsa kuti, "Adokotala, kodi mwanayu adzayendanso?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, adzayenda, koma za fupalo tidzadziwa tikadzajambulanso pakatha masabata awiri." Tsikulo ndalilemba m'buku lake laumoyo, ndipo ndawapempha kuti asathawe naye ngakhale ntchito ya kumunda ikuwadikira.