Sabata yomwe labu inasowa mankhwala opimira magazi

Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda mwachizolowezi. Odwala khansa ya kummero anafika ochuluka, ena akulephera kumeza ngakhale phala, ndipo angapo tinawalembera chithandizo cha cheza (radiotherapy) cha 30 Gy (Gy ndi muyeso wa chezacho) m'magawo 10 kuti mmero utseguke pang'ono. Chimene chandisowetsa mtendere ndi cha Lachitatu.

Kunabwera bambo wachikulire wa ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, amene makolo awo anachokera ku Dedza, ndipo tinkayankhulana Chichewa. Khansa yawo inali isanafalikire, choncho tinakonza zowapatsa 50.4 Gy pamodzi ndi cisplatin, mankhwala olimbana ndi khansa. Nditatumiza magazi, labu yathu inayankha kuti mankhwala opimira full blood count (kuwerenga maselo a m'magazi) anatha. Mwana wawo wamkazi anapita ku labu yolipiritsa ndi madola amene anasungira ulendo ndi chakudya, koma asananyamuke anandifunsa kuti, "Adokotala, kodi pepala limeneli n'lofunika kuposa mkaka wa bambo?" Ndinayankha kuti, "Mayi, popanda pepalalo sindingadziwe ngati thupi la bambo lipirira chithandizochi."

Zotsatira zinafika Lachisanu: haemoglobin 8 (kusonyeza kuchepa kwa magazi), albumin (puloteni ya m'magazi) yotsika, ma neutrophil okwera, ma lymphocyte ochepa (mitundu iwiriyi ndi ya maselo oyera oteteza thupi). Anzanga apantchito mukudziwa tanthauzo lake. Magazi akachepa, chotupa chimasowa okosijeni, ndipo maselo osowa okosijeni amatha kufuna cheza chochuluka pafupifupi katatu kuti afe. Odwala amene ma neutrophil awo apambana kwambiri ma lymphocyte kawirikawiri sathandizika bwino ndi radiotherapy, ndipo ma lymphocyte amatsikanso chithandizo chikayamba chifukwa mtima, mapapo ndi msana zili pafupi ndi mmero. Palibe nambala imodzi yomwe imagamula yokha, koma zikanadziwika Lachitatu, tikanawawonjezera magazi ndi kuwaika chubu chodyera tsiku lomwelo.

Chondipweteka n'chakuti Lachinayi akuluakulu athu anatisonkhanitsa kuti timve za ctDNA, tizidutswa ta DNA ya chotupa topezeka m'magazi. Ndimaulemekeza kafukufuku ameneyu ndipo ndikufuna adzatifike, koma nditafunsa za mankhwala a labu ndinauzidwa kuti nkhaniyo ili ku ofesi yogula katundu.

Malo a bambowa pa makina a radiotherapy tinawapereka kwa wodwala wina, pakuti mndandanda ndi wautali. Iwo ali m'wodi akudikira magazi, ndipo tsiku loyambira chithandizo sindinathe kuwalonjeza.