Ndinasesa zinyalala pamodzi ndi mbewu

Sabata yachisanu ndi chimodzi ya maphunziro athu okonza makompyuta, aphunzitsi anatipatsa ntchito yokachitira kunyumba: aliyense apeze kompyuta yodzadza, aiyeretse, kenako alembe zomwe wachotsa ndi chifukwa chake. Ine sindinavutike kusaka. Laputopu ya achemwali anga, omwe amaphunzitsa kupulayimale, inali itatha miyezi ikudandaula. Ukatsegula This PC, kamzere ka disiki C kanali kofiira psuu, malo otsala osakwana 2 GB.

Ndisanafufute kalikonse ndinayamba ndakwiyira munthu wosalakwa. Pakapepala komata pa laputopuyo panalembedwa 128 GB, koma Windows imaonetsa pafupifupi 119 GB. Ndinati basi, wogulitsa uja anatibera. Ayi ndithu. Opanga madisiki amawerenga gigabyte imodzi ngati mabayiti 1,000,000,000, pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Thumba la chimanga ndi lomwelo, ndowa zoyezera ndiye zosiyana.

M'kalasi tinaphunzira makomo atatu oyeretsera kompyuta. Loyamba, kudina batani la Windows pamodzi ndi R n'kulemba %temp%. Imatseguka foda yomwe mapulogalamu amatayamo tinthu tomwe amagwiritsa ntchito kwa kanthawi n'kuiwala kutola. Umasankha zonse n'kufufuta, ndipo fayilo ikakana ndiye kuti ikugwirabe ntchito, umangoidumpha. Lachiwiri ndi Disk Cleanup, pulogalamu yachikale yomwe inabwera ndi Windows 98, ndipo imatsegukabe ukalemba cleanmgr. Lachitatu ndi Storage Sense ya mu Settings, yomwe Windows 10 inalandira mu 2017, yosesa yokha pa nthawi yomwe waiuza.

Ine ndinalowera khomo lachitatu, gawo la Temporary files. Panabwera mndandanda wa timabokosi, tina tochongedwa kale, tina ayi. Kamodzi mwa tosachongedwato kanali ndi nambala yaikulu kuposa tonse. Mtima unati myaa, ndapeza pomwe pabisala mdani. Ndinachonga, ndinadina Remove files, ndinapita kukaphika tiyi.

Kabokosiko kanali ka Downloads.

Madzulo achemwali atabwera kuntchito anatsegula laputopu yawo, nane ndili chilili pambali kudikira kuyamikiridwa. Anangoti, “Iwe, masikimu anga ali kuti?” Ndinati, “Achemwali, ine ndachotsa zinyalala zokhazokha.” Kumeneko kunali kulankhula kwa munthu wosadziwa. Kwa iwo Downloads sinali njira yodutsamo mafayilo, inali kabati. Masikimu a matemu atatu, mayeso omwe anzawo anawatumizira, zithunzi za chinkhoswe cha msuweni wathu, zonse zinkakhala momwe zinagwera tsiku lomwe anazitsitsa. Windows inasiya dala kabokosi kaja osachonga, ndipo pansi pake panali mawu ochenjeza omwe sindinawerenge. Safunsa anadya phula.

Ndinathamangira mu Recycle Bin, munali mbee. Zofufutidwa kudzera njira imeneyi sizidzera m'menemo. Apa ndi pomwe phunziro la sabata yachinayi, lomwe ndinalimva ndikusinza, linandilowa bwinobwino. Ukafufuta fayilo, kompyuta siipukuta nthawi yomweyo. Imangochotsa dzina lake m'kaundula n'kulemba kuti malo awa alibe mwini, pomwe fayiloyo ikadali pomwepo mpaka ina itadzalembedwa pamwamba pake. N'chifukwa chake pa hard disk yakale ija yozungulira, mapulogalamu ngati Recuva amatha kubweza zambiri, bola usiye kuigwiritsa ntchito kompyutayo msanga. Koma laputopu ya achemwali ili ndi SSD, disiki yamakono yosazungulira, ndipo SSD ili ndi lamulo lotchedwa TRIM: Windows imaiuza malo omwe amasulidwa, iyo n'kuwapukutiratu yokha kuti idzalembe mwachangu mtsogolo. Recuva inandionetsa mayina a mafayilo ena, koma kuwatsegula munalibe kanthu. Tinapulumukira pa WhatsApp ndi imelo, kutsitsanso chimodzichimodzi, kupempha aphunzitsi anzawo atumizenso. Bandulo yake ndinagula ndine, ndipo palibe anandimvera chisoni.

Lolemba ndinafotokoza zonse m'kalasi, anzanga n'kuseka mpaka misozi. Aphunzitsi sanaseke. Anandifunsa funso limodzi lokha: “Musanafufute, munayeza?” Kenako anatisonyeza WinDirStat, kapulogalamu kaulere komwe kamajambula disiki yonse ngati munda wogawidwa ndime, fayilo yaikulu ndime yaikulu, yaing'ono kandime kakang'ono. Sikasankhira munthu chochotsa. Kamangoonetsa.

Nditakaika pa laputopu ija ndinachita manyazi kachiwiri. Zinyalala zenizeni, zija za mu temp ndi tizithunzi ting'onoting'ono tomwe Windows imasunga kuti mafoda azitseguka msanga, zinali mankhusu chabe, zochuluka pamaso koma zopanda kulemera. Ndime zikuluzikulu zinali mavidiyo a ukwati omwe anakopedwa kawiri, kamodzi pa Desktop, kenanso mu foda yotchedwa New folder (2), ndi mafilimu omwe ine ndemwe ndinaikamo chaka chatha n'kuiwala. Titasamutsira mavidiyowo pa disiki yakunja n'kuchotsa mafilimu anga, kamzere kofiira kaja kanasanduka kabuluu. Mdani amene ndinkamusaka mu Windows anali ine ndi abale anga.

Pali ndime zina zazikulu zomwe WinDirStat imaonetsa zoti dzanja limayabwa, koma si zako. Foda ya WinSxS imaoneka yonenepa, komabe ndi nkhokwe ya zida za Windows, ndipo ukaifufuta pamanja kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Imachepetsedwa kudzera mu Disk Cleanup, ukadina Clean up system files n'kusankha Windows Update Cleanup. Fayilo ya pagefile.sys ndi malo omwe Windows imabwereka pa disiki RAM (malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira panthawiyo) ikachepa, isiyeni. Windows.old ndi Windows yakale yomwe imasungidwa masiku 10 ukakwera ku yatsopano, kuti ukaona zovuta uthe kubwerera. Ikhoza kuchotsedwa, koma mlatho wobwererawo umapita nayo limodzi.

Ya hiberfil.sys inatitengera mkangano. Fayiloyi imadya magigabyte angapo, ndipo lamulo loti powercfg /h off limaichotsa kamodzi n'kamodzi. Mnzanga wina anati ichotsedwe basi. Ine ndinakana, poganiza za batire la achemwali lomwe silitha ola. Magetsi akazima iwo ali kukhitchini, batire likatsala pang'ono kutha, ndi fayilo imeneyi yomwe imasunga zonse zomwe zinali zotsegula kompyuta isanazime. Kwa munthu amene magetsi sawadandaula, mwina ndi chinyalala. Kwathu kuno ayi.

Chimodzimodzi cache ya Chrome. Malangizo ambiri a pa intaneti amati uzifufuta sabata iliyonse, ndipo ndikuganiza kuti olembawo intaneti salipira pa megabyte. Cache ndi zithunzi ndi tizidutswa ta masamba omwe umapitako kawirikawiri, zosungidwa kuti zisatsitsidwenso. Ukaifufuta, mawa lake zonsezo zimatsikanso, ndipo ndi bandulo yako yomwe ikupita. Ndimaichotsa pokhapokha tsamba likamavuta kutseguka bwino.

Wina anafunsa za mapulogalamu oyeretsa ndi batani limodzi, omwe anyamata okonza makompyuta m'tauni amakonda kuikira makasitomala. Aphunzitsi anatikumbutsa za 2017, pamene akuba a pa intaneti analowetsa kachilombo mu pulogalamu ina yotere, CCleaner 5.33, anthu oposa 2 miliyoni n'kuitsitsa kuchokera kwa eni ake enieni. Vutolo linakonzedwa, koma mfundo yawo inali yoti pulogalamu iliyonse yomwe waipatsa mphamvu yofufuta waipatsanso makiyi a nyumba yonse. Za kuyeretsa registry, kaundula yemwe Windows imasungamo makonzedwe ake, anangopukusa mutu: malo omwe umapeza ndi ochepetsetsa, ndipo a Microsoft eni ake salimbikitsa mapulogalamu otere. Komanso kompyuta yochedwa si nthawi zonse imakhala yodzadza. Ya achemwali inayamba kuyaka msanga nditazimitsa mapulogalamu asanu odziyatsa okha, pa Startup mu Task Manager, zomwe sizikhudzana n'komwe ndi zinyalala.

Lipoti langa ndinalilemba m'magawo awiri, zomwe ndinachotsa ndi zomwe ndinasiya, ndipo lachiwirilo ndi lomwe linatalika. Storage Sense ndinaiyatsa, koma pa Downloads ndinasankha Never. Achemwali ndinawapangira foda ya masikimu mu Documents, ina pa flashi. Dzulo ndasuzumira mu Downloads mwawo, ndapezamo kale mafayilo 14 atsopano, ndipo sindinakhudze ngakhale imodzi.